Chitsulo cholembedwa FH: lipoti langa kwa komiti ya msika

A Wapampando, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo anzanga a mumsika, zikomo nonse. Munandituma kumsonkhano wa masiku awiri wokambirana za moto m'misika, ndipo ponyamuka ndinalonjeza kuti sindidzabwera ndi mawu awiri okha akuti "zinayenda bwino". Loweruka ndinafotokozako pakamwa, koma kunali kumapeto kwa mwezi, ambiri munali kalikiliki ndi makasitomala. Ndiye ndati ndilembe kuti aliyense awerenge pafoni akapeza mpata. Ndalama ya ulendo imene inatsala ndabweza kwa amayi msungichuma pamodzi ndi malisiti.

Kumeneko kunali ozimitsa moto, anthu a zamadzi, a kukhonsolo, nthumwi za misika ingapo, komanso anthu atatu olemba ndi kumasulira, poti cholinga china chinali kukonza kapepala ndi zikwangwani za m'Chichewa. M'mawa wonse wa tsiku loyamba tinakamba zimene tonsefe timazidziwa: mawaya a magetsi olumikiza mwachisawawa, mbaula zosiyidwa ndi makala a moto poweruka, kandulo pafupi ndi mabelo, petulo wa m'zigubu. Zimenezo sindikutayitsani nazo nthawi. Chandilembetsa lipoti lalitali chonchi ndi liwu limodzi lachingerezi, limene linatidyera masana onse, ndipo pomaliza lafika mpaka pabenchi yanga.

Mkulu wa ozimitsa moto ankayankhula Chichewa chomveka bwino, koma pafupipafupi ankaponyamo liwu lakuti hydrant. Tikafika pamsika timapeza hydrant yatsekedwa. Hydrant yakwiririka. Musamange pa hydrant. Ife n'kumagwedeza mitu ngati tikumva. Kenaka mayi wina wogulitsa usipa, wa kumsika wa tsidya lina, anaimika dzanja. "Pepani bwana, ine sukulu ndinalekera panjira. Chinthu mukuchitchulachi chimaoneka bwanji? Mwina ndimachikhalira osadziwa." Anthu anaseka, koma mkuluyo sanaseke nawo. Anafunsa kuti mwa amalondafe ndani angamulondolere pamene pali hydrant mumsika mwake. Manja onse anali pansi, langa lomwe. Ndiulule pano kuti zaka zonsezi ndinkayesa amanena chibotolo chofiira chija chimapachikidwa pakhoma m'mabanki.

Si chimenecho. Hydrant ndi potulukira madzi pa paipi yaikulu yodutsa pansi pa msewu, pamene ozimitsa moto amalumikiza mapaipi awo kuti azipopa osalekeza. Galimoto yawo imabwera ndi madzi ndithu, koma ochepa. Anatipatsa chitsanzo cha ku Britain, kumene galimoto wamba ya ozimitsa moto imanyamula malita pafupifupi 1,800. Ndinawerengera pachikuto cha kope langa: ndi zigubu 90 za malita 20. Paipi ikatsegulidwa mwamphamvu, zigubu 90 zimatha usanamalize kapu ya tiyi. Iye anati anthu akamawakuwiza kuti abwera opanda madzi, kawirikawiri zimakhala kuti anabwera nawo, atha, ndipo powonjezera pasowa.

Apa mpamene mmodzi wa omasulira aja anapempha mpata. Ndi bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, wa jekete lakuda lotuwa m'zigongono, amene anaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kuseminale ali mnyamata. Anati sitingachipatse chinthu dzina la Chichewa tisanamve chimene dzina lake lachingerezi likunena. Ena anayamba kutulutsa mafoni. Aphunzitsiwo anapita kutsogolo, nalemba liwulo m'zilembo zikuluzikulu, kenaka analidula ndi mzere monga timadulira nzimbe pamfundo: hydr uku, ant uko. "Mutu ndi wa Mgiriki," anatero, "mchira ndi wa Mroma, koma mwanayu anabadwira ku America."

Anayamba ndi mutu. Agiriki akale madzi ankawatcha hydor. Anatilembera m'zilembo zawo, ὕδωρ, n'kutilozera kachizindikiro kokhota pamwamba pa chilembo choyamba, kamene kamauza wowerenga kuti ayambe ndi mpweya wa h. Chilembo choyambacho chinali ndi kamvekedwe kamene Aroma analibe, ndiye pofuna kulemba mawu obwereka kwa Agiriki anangochitenga n'kuchiika chakumapeto kwa alifabeti yawo. Ndiye y ameneyu. Afalansa mpaka lero amamutcha i grec, kutanthauza i wa Agiriki. Kuchokera ku hydor kunabwera hydria, mtsuko wotungira madzi wa zigwiriro zitatu, ziwiri m'mbali zonyamulira, chimodzi kumbuyo chogwira pothira. Azimayi a ku Athens ankausenza pamutu pochokera kotunga monga timachitira ife, ndipo zithunzi zawo zinajambulidwa pamitsuko yomweyo, ilipobe mpaka pano. Mayi wa ku Samariya uja anasiya mtsuko wake pachitsime mu Yohane 4, chimene anasiyacho m'Chigiriki chalembedwa hydria. Atatero, a mafoni aja anadzutsa mitu.

Kenaka anatifunsa ngati liwuli ndi lachilendodi kwa ife, ndipo zinapezeka kuti timakumana nalo tsiku ndi tsiku litavala malaya ena. Mwana akatsegula m'mimba, kuchipatala amatiuza kuti watha madzi m'thupi, koma m'kabuku amalemba dehydration. Thanzi ORS amene timasungunula mu lita imodzi ya madzi, R wakeyo akuimira rehydration, kubwezera madzi. Magetsi a pa Nkula, amene anayamba kupangidwa mu 1966 pamtsinje wa Shire, amati ndi a hydro. Chiwewe kale azungu ankachitcha hydrophobia, kuopa madzi, chifukwa wodwala zikafika povuta pakhosi pamamugwira akangoyesa kumwa. Bambo wina wogulitsa zipangizo za galimoto anatchula yekha haidiroliki ya matipa ndi majeki, n'kudabwa kuti nanga bwanji mmenemo timathiramo oilo osati madzi. Aphunzitsi anati dzinalo ndi lakale kuposa oilo. Agiriki anali ndi limba lokankha mpweya ndi mphamvu ya madzi, lotchedwa hydraulis, kuphatikiza hydor ndi aulos, chitoliro, ndipo dzina la limbalo ndi limene linagwera makina onse okankha ndi zamadzimadzi.

Anatchulanso Hydra, chinjoka cha m'dambo la Lerna m'nthano za Agiriki, cha mitu yambiri, choti ukadula mutu umodzi imamera iwiri. Bambo wina wa kwawo ku Phalombe, amene anaona madzi a 1991 ndi maso ake, anati ameneyo ndi msuweni wake wa napolo, poti onse awiri ndi njoka zoyenda ndi madzi. Koma chimene chinandikomera ine ndi cha mabanja a ziyankhulo. Hydor wa Agiriki, water wa Angerezi, Wasser wa Ajeremani ndi voda wa anthu a ku Russia, onsewa ndi ana a kholo limodzi. Vodka ndi voda wochepetsedwa, ngati kunena kuti timadzi. Whiskey anachokera ku mawu a ku Ireland akuti uisce beatha, madzi a moyo. Mukuona kuti omwa a mitundu yonse amadziwa kubisa. Ndipo kwathu kuno n'chimodzimodzi: ife timati madzi, Mtumbuka ndi Mswahili maji, Myao mesi, Mbemba amenshi, Mzulu amanzi. Ukawatchula motsatizana umamva wekha kuti ndi a bere limodzi.

Mchira sunatenge nthawi. Chilatini chili ndi mathero akuti ans kapena antem, amene amaikidwa pa mneni posonyeza amene akuchita chinthucho. Anadutsira m'Chifalansa n'kulowa m'Chingerezi ngati ant. Ndiye tili ndi servant, wotumikira, assistant, wothandizira, accountant, wowerengera ndalama. Pa zinthu namonso: disinfectant, chophera tizilombo, lubricant, chofewetsera makina. Aphunzitsi anati zimene azungu amaika kumchira ife timaika kumutu, wo ngati ndi munthu, cho ngati ndi chinthu, po ngati ndi malo. Choncho amene anapeka liwu la hydrant ankafuna kunena chinthu chopereka madzi.

Koma analipeka mokhota. Mawu enawo aliyense ali ndi mneni kumbuyo kwake: servant amatumikira, assistant amathandiza. Hydr si mneni, ndi madzi basi, ndipo si Chilatini n'komwe, poti madzi m'Chilatini ndi aqua. Wopekayo anatenga dzina la Chigiriki n'kulimata mchira wa Chilatini wofuna mneni, ndipo akatswiri a madikishonale amalilemba kuti ndi liwu lopangidwa mosatsata lamulo. Silili lokha. Television ndi tele wa Chigiriki, kutali, ndi visio wa Chilatini, kuona. Automobile ndi autos wa Chigiriki, yekha, ndi mobilis wa Chilatini, choyenda. Ine ndinakumbukira chikwangwani cha mnyamata wathu wa pageti la kumunsi chakuti "Potchajira mafoni". Pakati pali liwu lachingerezi, mutu ndi mchira ndi zathu, ndipo palibe amene anasocherapo pofuna kutchaja. Ndinawauza aphunzitsi pa nthawi ya tiyi, anachilemba m'kabuku kawo. Anandiuzanso kuti ziyankhulo ziwirizi si za kuseminale kokha: ku Kamuzu Academy, pa Mtunthama ku Kasungu, ana akhala akuziphunzira chitsegulire sukuluyo mu 1981.

Agiriki ndi Aroma eni ake liwuli sanalimvepo, ndipo Mgiriki wa lero akafuna madzi akumwa amati nero. Pampu ankaidziwa. Ctesibius, mwana wa wometa tsitsi wa ku Alexandria, amene anakhalako zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndiye anapanga limba la madzi lija komanso pampu yokankha madzi m'mwamba. Ku Rome, mfumu Augustus inakhazikitsa gulu la ozimitsa moto m'chaka cha 6 Yesu atabadwa. Ankatchedwa vigiles, alonda, ndipo anali magulu 7 oyang'anira zigawo 14 za mzindawo. Zida zawo zinali ndowa, nkhwangwa, mbedza zogwetsera nyumba, nsanza zonyowetsa ndi pampu yotchedwa sipho. Madzi ankatunga m'madziwe ndi m'akasupe a m'misewu, ndipo eni nyumba ankalamulidwa kusunga madzi m'nyumba zawo. Ndi zonsezo, moto wa m'chaka cha 64 unawononga zigawo 10 mwa 14 zija.

Nkhani ya ku London ndiyo inatigwira amalondafe, chifukwa moto wawo waukulu wa 1666 unayambira mophikira buledi, mumsewu wa Pudding Lane, usiku anthu ali mtulo, n'kutentha nyumba zoposa 13,000. Kumeneko mapaipi a madzi anali zipika za mitengo zobooledwa pakati, zolumikizidwa pansi pa msewu. Moto ukabuka, anthu ankakumba mpaka kupeza chipika, kuchiboola, madzi n'kudzaza dzenjelo, n'kumatunga ndi ndowa. Moto ukazima ankakhomerapo chikhomo cha mtengo n'kuika chizindikiro kuti tsiku lina asadzakumbenso pena. Chikhomocho ndicho fire plug, dzina limene anthu ena ku America amatchulirabe hydrant mpaka lero. Mu 1666 muja, chifukwa cha mantha, anthu anaboola mapaipi paliponse, madzi n'kutayikira m'misewu, ndipo kumene moto unali kupita kunafika mapaipi ouma. Mkulu wa ozimitsa moto anatiuza kuti tiisunge mfundo imeneyi, tidzaifuna mawa.

Tsono kubadwa kwa mwana uja, liwu la hydrant. Mu 1793 mliri wa matenda otchedwa yellow fever unapha anthu pafupifupi 5,000 mumzinda wa Philadelphia ku America. Nthawi imeneyo sankadziwa kuti umafala ndi udzudzu, ankaloza uve wa m'misewu ndi zitsime zoipa, ndiye mzindawo unaganiza zobweretsa madzi a mumtsinje wa Schuylkill. Ntchitoyo anaikonza ndi Benjamin Latrobe, ndipo madzi anayamba kuyenda mu 1801, akukankhidwa ndi makina a nthunzi m'mapaipi a mitengo. Wothandizira wake, Frederick Graff, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa zamadzi mumzindawo, ndi amene ambiri amamutchula kuti anapanga chitsulo choimirira m'mbali mwa msewu, chokhala ndi polumikiza paipi ya ozimitsa moto komanso kampopi kotungira. Liwu la hydrant likuoneka m'zolembedwa za ku America kuyambira 1806. Mu 1836 ofesi ya ku Washington yosunga zikalata za anthu otulukira zinthu inapsa pamodzi ndi zikalata pafupifupi 10,000, ndipo ozimitsa moto amakonda kunena moseka kuti chikalata cha hydrant chinapsera momwemo.

Apa pali mfundo imene ndikufuna muigwire, chifukwa ndiyo inayambitsa mkangano wonse. M'liwu la hydrant mulibe moto. Muli madzi okha. Ku Philadelphia kuja anthu osauka ankatunga madzi a pakhomo ulere pa ma hydrant a mumsewu, ngati kiyosiki yathu koma yopanda wolipiritsa. N'chifukwa chake Mngerezi akafuna kumveka bwino amawonjeza liwu la moto kutsogolo, fire hydrant. Mitundu ina inasankha moto kusiya madzi. Afalansa amati bouche d'incendie, kamwa la moto. Bambo wina amene amakaoda katundu ku Tete anavomereza kuti Chipwitikizi chimanenanso chomwecho, boca de incêndio. M'Chiafrikaans ndi brandkraan, mpopi wa moto. Funso linali lakuti ifeyo titsate ati.

Mnyamata wina wa kukhonsolo anati tingolemba haidiranti basi, monga tinachitira ndi kompyuta ndi wilibala. Mayi wa usipa uja anamuyankha kuti wilibala anaiona asanamve dzina lake, pamene ichi wamva dzina kasanu ndi kawiri lero osachiona. Wina anati mpopi wa moto. Ameneyu anagwa msanga: mmodzi anati ana aziyesa umatulutsa madzi otentha, wina anati agogo ake akamva zoti pamsika pali mpopi wa moto sadzapondanso. Chozimitsira moto sitikanatenga, poti limenelo ndi dzina la chibotolo chofiira chija. Aphunzitsi ankakonda potungira madzi a moto, ati likutsata Chigiriki ndi Chingerezi chomwe, koma m'kamwa silikhala, ndipo liwu lakuti potungira likhoza kuitana zigubu za msika wonse. Anatsala awiri: mpopi wozimitsira moto ndi mpopi wa ozimitsa moto.

M'dzina lanu ndinavotera lachiwirili, ndipo ndi limene linapambana. Chifukwa changa ndi ichi. Loyambalo limanena ntchito ya chinthucho, lachiwiri limanena mwini wake. Mumsika mwathu chinthu chopanda mwini mumadziwa mmene chimathera: lero wina watsamiritsapo thumba, mawa wakhomapo mtengo, mkuja ndi shopu ya malata. Koma chikakhala cha wina, timachilambalala. Aphunzitsi anadandaula pang'ono kuti tataya kufupika kwa liwu limodzi n'kutenga mawu anayi. Zoona, koma kufupika kumeneko sikunatithandize zaka zonse zimene takhala tikulimva osalimvetsa. Tinagwirizana kuti chikwangwani chikhale ndi H wamkulu, pansi pake "Mpopi wa ozimitsa moto. Osatsekapo, osatungapo." M'kapepala liwu la hydrant lilembedwa kamodzi pambali pa dzina lathu, kuti woimba foni ndi woyankha azimvana.

Tsiku lachiwiri anatitulutsa panja kuti tikachione. Ambiri tinkayembekeza chitsulo chofiira choimirira chija timachiona m'mafilimu a ku America. Chimenecho chilipo, ndipo kumeneko ena amapaka pamutu pake utoto wosonyeza mphamvu ya madzi: wobiriwira ngati thambo pamene pamatuluka magaloni 1,500 kapena kuposa pa mphindi, wofiira pamene sipafika 500. Koma chimene anationetsa ife ndi cha mtundu wa ku Britain, chobisika pansi. Pamwamba pamangooneka chivundikiro chachitsulo chamakona anayi, cholembedwa FH, kuimira fire hydrant. Ku Britain amaika chikwangwani chachikasu pakhoma lapafupi, cha H wakuda ndi manambala awiri, yam'mwamba kukula kwa paipi m'mamilimita, yam'munsi mamita ochokera pachikwangwanicho kufika pachivundikiro.

Anyamata awiri anakanganula chivundikirocho ndi chitsulo. M'katimo munali mchenga wofika m'chigongono, majumbo, zivindikiro za mabotolo ndi chule mmodzi amene sanakondwe nafe. Anafukula ndi manja kwa kanthawi ndithu, mkulu wawo atagwira wotchi kuti tione mphindi zimene zikutayika nyumba ikuyaka. Atafika pachitsulo anamangapo paipi yoimirira yokhota kumutu, kenaka analowetsa kiyi wamtali wooneka ngati T n'kumapotokola pang'onopang'ono. Anati ukatsegula kapena kutseka mothamanga madzi amagunda m'paipi ngati nyundo, mpaka kuiphulitsa. Poyamba panamveka mpweya, fuuu, kenaka madzi ofiira ngati a mumtsinje wa dzinja, kenaka oyera, akuthamanga mpaka kukamenya mpanda. Nsapato zanga zinanyowa.

Pali funso limene ndinafunsa ndipo sindinakhutire ndi yankho lake. Ngati mpopi umenewu uli pa paipi yomwe imatipatsa madzi a kuzimbudzi ndi kwa ophika, nanga moto ukabuka tsiku limene mipopi yauma? Bambo wa zamadzi anavomera kuti paipi ikauma nawonso umauma. Anati ozimitsa moto akawaimbira msanga akhoza kutsekera madera ena n'kukankhira madzi kumene kuli moto, koma sananene kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo nditabwereza funsolo wotsogolera zokambirana anati nthawi yatha. Mayi wa usipa ananong'ona mokweza kuti ndiye hydr akachoka patsala ant yekha. Mnyamata wa kukhonsolo uja anati ant pachingerezi ndi nyerere. Tinaseka, aphunzitsi mpaka kupukuta misozi, koma funsolo ndabwera nalo momwemo. Ndikupempha komiti ilembe kalata yofunsa, ndipo tiganizirenso za thanki yathuyathu. Za kutungapo madzi ochapira tsiku la vuto, yankho ndi ayi, ndipo chifukwa chake ndi cha ku London chija: aliyense akatsegula pake, kumoto kumafika mpweya.

Tsopano za benchi. Nditabwerako ndinapita kwa agogo athu a mlonda, amene akhala pamsika pano kuposa tonsefe, n'kuwafunsa ngati anaonapo chitsulo chamakona anayi cholembedwa FH. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe, ukundiyesa kapena?" Ananditenga kudutsa kwa a tomato, kudutsa kwa a mapoto, mpaka pamzere wa kaunjika, n'kuima pabenchi yanga. Anagogoda pansi ndi ndodo yawo, pa mwendo wakumanzere wakumbuyo. Panalira chitsulo. Malo amenewa anandisiyira ndi azakhali anga, ndipo ndikukumbuka akundilangiza kuti mwendo umenewo ndisamausunthe chifukwa wakhala pouma, sumira m'matope nthawi ya mvula. Ndakhala ndikuyamikira chitsulo chimenecho dzinja lililonse. Tinakokera benchi pambali, ndinapala dothi ndi supuni ya tiyi, ndipo F anatuluka, kenaka H. Mayi uja ankati mwina amachikhalira osadziwa, koma wochikhalira ndinali ine, nthumwi yanu, ndi mabelo awiri pamwamba.

Agogowo akuti kale chinalipo china chakugeti la kumtunda, pamene pano pali mashopu a simenti. Chimenecho sindinachipeze, ndipo sindikuloza munthu chala, poti amene anamanga ndi amene anagula ndi anthu osiyana. Ndapereka nkhaniyo kwa a Wapampando kuti aione ndi a kukhonsolo.

Chivundikiro cha pabenchi yanga sitinachitsegule, ndipo ndikupempha kuti wina asayese. Ozimitsa moto avomera kubwera Lachitatu 7 koloko m'mawa kudzachitsegula, kuchotsa mchenga ndi kuyesa ngati muli madzi. Akufuna njira yoti galimoto ifike pafupi, ndiye anzanga a mzere wa kaunjika, kuyambira kwa amayi a nsapato mpaka pangodya, tsiku limenelo tiyale mochedwerako. Komiti igule penti wachikasu ndi wakuda, H ndilemba ndekha, ndipo a kalipentala athu alonjeza thabwa la chikwangwani. Nambala ya ozimitsa moto ndaimata pachitseko cha ofesi ndi kukanyumba ka alonda. Benchi yanga ndiisuntha Lachiwiri madzulo, a komiti mundiuze poiika. Pamene mungandipatsepo pakhale pouma, apo ayi wina andibwereke njerwa ziwiri za mwendo uja.